Mtolankhani wa pa Geti la Nduna Yayikulu

Zefaniya Chikakuda anayamba ntchito pa nyumba yosamalira okalamba ku Oadby, m'dziko la England, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Kwawo ankaphunzitsa za ndale pa koleji ina ku Zomba, koma mkazi wake Sylvia atapeza ntchito ya unesi ku Leicester iye anatsatira, ndipo ntchito imene inapezeka inali imeneyo: kusambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Banjali linkakhala ku Beaumont Leys. M'mawa uliwonse Zefaniya ankakwera basi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina yopita ku Oadby, kumene pakhomo lililonse pamaima magalimoto awiri.

Kuntchitoko palibe ankadziwa kuti munthu ameneyu anakhalapo ku Japan zaka zinayi. Anapitako mu 2007 pa sikolashipu, kukachita PhD. Masiku amenewo dziko la Japan linkasintha nduna yayikulu pafupifupi chaka chilichonse, ndipo kafukufuku wake anali pa funso limenelo: zimatheka bwanji kuti munthu wokhala pampando waukulu chotero asakhalitsepo, ngati mlendo wongodutsa? Analemba mitu itatu mwa isanu. Kenako kunagwa chivomezi chachikulu cha mu 2011, amayi ake kumudzi akulira pafoni tsiku ndi tsiku, Sylvia ali yekha ndi mwana wawo Mwabi amene ankadwaladwala. Anabwerera kwawo akunena kuti akangopumako miyezi iwiri. Miyezi iwiriyo inasanduka zaka, sikolashipu n'kutha. Mitu itatu ija inakhala m'jumbo, ndipo inabwera ku England pansi pa sutikesi, Zefaniya osadziwa n'komwe chimene akuinyamulira.

Mwezi wa Malichi chaka chatha, manijala wa nyumbayo, mayi Shenaz, analengeza pa msonkhano wa m'mawa kuti m'chipinda cha nambala 14 mwalowa munthu watsopano. Anali a Shiraishi, a zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi, mbadwa ya ku Japan. Anakhala ku Oadby zaka zoposa makumi awiri ndipo Chingerezi ankachilankhula bwino, koma sitiroko inawalanda Chingerezi chonsecho n'kuwasiyira chilankhulo cha kwawo chokha. Akazi awo anamwalira kale. Anali ndi mwana mmodzi, Michelle, amene ankakhala pafupi pomwepo.

Sabata isanathe, antchito anayamba kudandaula. Mkuluyo sankavuta pa chakudya kapena posamba, koma aliyense akalowa m'chipindamo ankayang'ana wotchi, n'kulemba m'kakope kamene sikankachoka pamiyendo pawo. Munthuyo akamatuluka ankayang'ananso wotchi, n'kulembanso. Anthu anaganiza kuti akuwalemba milandu yoti akawanenere kwa abwana, ndipo ena anayamba kukana kulowamo okha.

Tsiku lina Zefaniya akuwaveka sokosi, kope lija linali lotsegula pambali pake. Zilembo zake zinali zonjenjemera chifukwa dzanja linafooka, koma anaziwerenga. Panalembedwa kuti 7:12, mayi wa tiyi, mphindi zitatu. 7:40, bambo wamtali wa ku Afrika, mphindi khumi ndi zisanu. Masana, palibe mlendo. Zefaniya anazindikira kalembedwe kameneko nthawi yomweyo. Nyuzipepala za ku Japan zimasindikiza tsiku ndi tsiku zonse zimene nduna yayikulu yachita, mphindi ndi mphindi: yadzuka kuti, yakumana ndi ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, yadya kuti madzulo. Iye mwini anatha zaka ziwiri m'laibulale akuwerenga timizere toterowo.

Anatsegula pakamwa, ndipo Chijapani chimene sanachilankhule zaka khumi ndi zinayi chinatuluka chokha. Anawafunsa ngati anali mtolankhani wotsatira nduna yayikulu.

A Shiraishi anamuyang'ana nthawi yaitali, sokosi imodzi ili kuphazi. Kenako anati, "Chijapani chanu ndi cha m'mabuku. Munthu wamoyo salankhula choncho. Anakuphunzitsani ndani?"

Zefaniya anawafotokozera. Atamva kuti ankaphunzitsa pa koleji, mkuluyo anayamba kumutchula kuti Aphunzitsi, ndipo sanasiyenso.

Mayi Shenaz anakondwera kwambiri. Anakonza ndondomeko ya mashifiti kuti Zefaniya aziona chipinda cha 14 masiku onse amene ali pantchito. Nthawi yometa ndevu ndi yodya inasanduka sukulu. A Shiraishi anati anayamba ntchito pa nyuzipepala ina ku Tokyo mu 1963, ndipo monga zimakhalira ndi atolankhani achinyamata anawaika pa geti la nyumba ya nduna yayikulu, kope kumanja, kuti azilemba olowa ndi otuluka. Anzawo anakwezedwa n'kukakhala m'maofesi ofunda, koma iwo anapitiriza kuzungulira geti lomwelo mpaka tsitsi lonse linachita imvi. Anaona nduna zazikulu zoposa khumi ndi zisanu zikulowa ndi kutuluka. Ina inamwalira ili pampando. Ina inangokhalapo miyezi iwiri.

Zefaniya anawafunsa funso lake lakale lija. Mkuluyo anati anthu a m'mayunivesite amafunafuna mphamvu m'malamulo, pamene mphamvu imaoneka pa khomo. Ukafuna kudziwa ngati nduna yayikulu ili ndi mphamvu, usamvere zimene ikunena, uone amene akubwera kwa iyo ndi kumene iyo ikupita. M'masiku awo, anatero, nduna yayikulu inkasankhidwa ndi akuluakulu a magulu a mkati mwa chipani, atakhala pamphasa m'zipinda za kuseri kwa malo odyera, ndipo inali nduna yayikuluyo imene inkakwera galimoto madzulo kupita kwa iwo. Pambuyo pake malamulo anasintha, ofesi ya nduna yayikulu inakula, inayamba kusankha yokha akuluakulu a m'boma, ndipo anthu omwe kale ankaidikiritsa anayamba kudikira pa benchi la panja.

"Koma mpandowo sunasinthe khalidwe," anatero a Shiraishi tsiku lina, sopo wometera ali kumasaya. "Munthu akatsala pang'ono kugwa, alendo ake amafupikitsa. Wa mphindi makumi atatu amakhala mphindi zisanu. Ine ndinkadziwa sabata yathunthu mwiniwake asanadziwe."

Zefaniya anayamba kufika kunyumba ali munthu wina. Anatulutsa jumbo ija, n'kuyala mapepala achikasu pa tebulo lodyera. Sylvia anayang'ana mapepalawo, n'kuyang'ana mwamuna wake, amene kwa zaka zitatu ankangobwera, kudya, kugona. Anasangalala, koma anamuchenjeza kuti munthu wa m'chipinda cha 14 ndi wodwala amene anamupatsa kuti amusamalire, osati laibulale. Zefaniya anaseka, nati zonsezi n'zothandiza mkuluyo, chifukwa akalankhula za ndale amamaliza chakudya chonse m'mbale. Zimenezo zinali zoona ndithu.

Mu Juni a Shiraishi anamuuza kuti m'galaja ya Michelle muli makatoni asanu ndi awiri a makope awo, kuyambira tsiku loyamba pa geti mpaka tsiku lopuma ntchito. Munalembedwa ndi zimene nyuzipepala sinasindikize: amene analowera khomo la kuseri, amene anatuluka nkhope ili pansi. Anati makope amenewo ndi a Zefaniya, akawatenge akamalize mitu iwiri yotsalayo. Zefaniya anathokoza kangapo mpaka mkuluyo anamuuza kuti asiye. Pa basi ya madzulo anadutsa siteji yake osazindikira.

Michelle ankabwera Lamulungu, kawiri pa mwezi. Anali mayi wa zaka makumi asanu, wovala bwino, wolankhula mwaulemu kwa aliyense. Ankabweretsa zovala zochapa, kuona ngati mankhwala ali m'malo, kucheza pang'ono ndi mayi Shenaz, n'kuima m'chipinda cha bambo ake osakhala pansi. Chijapani sankachidziwa, chifukwa anachoka ku Tokyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ndi mwana ankangoyang'anizana, wina n'kuweramitsa mutu pang'ono, basi. Zefaniya anadzipereka kuti aziwamasulira. Michelle anathokoza, nati palibe chofunika kumasulira.

Anali a Shiraishi eniake amene anafotokoza chifukwa chake, masana ena mu Julayi, ali pa njinga ya olumala m'munda wa maluwa wa kuseri kwa nyumbayo. Akazi awo, Anne, anali a ku Leicester komweko, anapita ku Tokyo kukaphunzitsa Chingerezi, n'kukwatirana ndi a Shiraishi. Mu 1982 Michelle anadwala chibayo choopsa, nagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Sabata yomweyo nduna yayikulu inalengeza mwadzidzidzi kuti ikutula pansi udindo. A Shiraishi anafika kuchipatalako kamodzi kokha, ndipo nthawi imene anakhalako anaithera pa foni ya m'khonde, akulankhula ndi ku ofesi, mwana akuwaitana kuchipinda. Michelle atachira, Anne anamutenga n'kubwerera naye ku England. Ukwati sanauthetse. Atapuma ntchito a Shiraishi anawatsatira, Anne anawalandira, ndipo anakhala limodzi mpaka imfa ya mayiyo. Koma kwa Michelle sanapepesepo. Chingerezi anali nacho zaka zonsezo, anatero, ndipo anachithera pa nyengo ndi mitengo ya zinthu.

"Tsopano chapita," anatero. "Aphunzitsi, mundibwereke pakamwa panu."

Anayamba kukonzekera. Tsiku lililonse mkuluyo ankanena mawu ake, Zefaniya n'kuwatembenuza m'Chingerezi, n'kuwabwezanso m'Chijapani kuti mwiniwake amve ngati afika pamene akufuna. Ankakangana pa liwu limodzi kwa masiku awiri. A Shiraishi sankafuna kudzikhululukira, sankafunanso kupempha chifundo. Pomaliza panatsala ziganizo zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo onse awiri anaziloweza.

Kumugwira Michelle kunali kovuta. Zefaniya anadzera kwa mayi Shenaz, amene anamuimbira foni kawiri. Ulendo wachitatu Michelle anabwera yekha kudzalankhula ndi Zefaniya pakhonde. Anamufunsa ngati bambo ake akufuna kunena za chuma kapena za maliro awo, chifukwa zonsezo zinakonzedwa kale. Zefaniya anati si zimenezo, ndi za iyeyo, za chipatala cha ku Tokyo. Michelle anaseweretsa makiyi a galimoto. Kenako anati adzabwera Lamulungu loyamba la Seputembala, 10 koloko m'mawa, ndipo adzakhala pansi ola lathunthu.

Lamulungu limenelo Zefaniya anasinthana shifiti ndi mnzake kuti apezeke. Ali pa basi yachiwiri, foni yake inalira kuti kwabwera nkhani. Nduna yayikulu ya Japan inali itaganiza zotula pansi udindo, isanathe ngakhale chaka pampando, chipani chake chitaluza zisankho. Inali yoti ilankhule kwa atolankhani 6 koloko madzulo ku Tokyo. Zefaniya anawerengera maola. Kuno inali 10 koloko m'mawa.

Anadziuza kuti sanena kanthu mpaka Michelle atapita. Anawasambitsa a Shiraishi, kuwameta, kuwaveka shati yoyera ndi jekete, n'kuwamangira tayi imene anasankha okha dzulo lake. Anaika mpando wachiwiri pafupi ndi zenera. Anabwereza ziganizo zija kamodzi, ndipo mkuluyo sanaphonye liwu. Itatsala pang'ono kukwana 10, a Shiraishi anafunsa funso limene ankafunsa m'mawa uliwonse, loti ku Tokyo kuli zotani.

Zefaniya akanatha kunena kuti kulibe kanthu. Pambuyo pake anadzifunsa kambirimbiri chifukwa chimene sananenere, ndipo yankho silinasinthe. Mutu wachinayi wa kafukufuku wake unali wa mmene nduna yayikulu imagwera, ndipo apa inali kugwa pamaso pake, pambali pake pali munthu amene anaona ambiri akugwa. Anafuna kumva chimene mkuluyo anganene. Anawauza.

Nkhope ya a Shiraishi inasintha ngati ya munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa. Anatambasula dzanja. Malamulo a nyumbayo sankalola antchito kutulutsa foni m'zipinda, koma Zefaniya anaitulutsa, napeza kanema wa msonkhanowo, n'kuwapatsa. Anaganiza kuti Michelle akagogoda adzaizimitsa.

Michelle anagogoda patadutsa mphindi zisanu. Anali atavala diresi yobiriwira, osati za masiku onse, ndipo ananyamula kachitini ka mabisiketi kakale, mmene amayi ake ankasungamo zithunzi. Analowa, napereka moni, naona mpando uja, nayamba kuvula chikhoti. Bambo ake sanadzutse mutu. Foni inali pamiyendo pawo, dzanja lamanzere litaigwira, lamanja likulemba m'kope.

Zefaniya anawerama, nawauza chapansipansi kuti mwana wawo wafika. Anayesa kutenga foniyo, koma zala za mkuluyo zinaikanikiza ndi mphamvu imene Zefaniya sanaziwonepo nayo. Maso ali pa kanema, a Shiraishi anakweza cholembera m'mwamba pang'ono, kulozera kumene kunali Michelle, n'kunena mawu ochepa m'Chijapani.

Zefaniya anatembenuka kuti amasulire, akufunafuna kale njira yowafewetsera.

"Musavutike," anatero Michelle. "Akuti ndidikire pang'ono. Mawu amenewo ndi okhawo amene ndimawakumbukira."

Anaimabe pamenepo, mkono umodzi uli m'chikhoti. Anayang'ana tayi ya bambo ake, nayang'ana foni, mmene munthu wovala suti yakuda ankawerama pamaso pa atolankhani. Anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Zefaniya anamuuza kuti nduna yayikulu ikutula pansi udindo. Michelle anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene amuuza zimene ankazidziwa kale. Anadikira. Zefaniya anayesanso kachiwiri, nawatchula dzina mokweza, nawagwira paphewa, koma mkuluyo anangogwedeza phewalo. Michelle anaika kachitini kaja pa mpando, navala chikhoti, natuluka osamenyetsa chitseko.

Zefaniya anamuthamangira mpaka poimika magalimoto. Anamupempha kuti abwerere, kuti kulakwa n'kwake, kuti mphindi makumi awiri zokha zonse zikhala zitatha. Michelle anamumvetsera mpaka anamaliza, chitseko cha galimoto chili chotsegula. Anamuthokoza chifukwa chosamalira bambo ake bwino, nalowa, napita.

Atabwerera kuchipinda anapeza msonkhano uli mkati. Unatha patapita nthawi ndithu. A Shiraishi anabweza foni, masaya atafiira, n'kuyamba kufotokoza mofulumira kuti munthuyu sanagwe lero, anagwa usiku umene akuluakulu a chipani anamuyendera, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga alendo akanaona. Anatsegula kope kuti amuonetse Zefaniya zimene alemba. Pamenepo ndi pamene maso awo anagwera pa mpando wa pazenera, pa kachitini kaja.

Anakayang'ana kwa nthawi yaitali. Anakadziwa, chifukwa kanakhala pa kabati ya Anne zaka zonse.

"Anabwera?"

"Anabwera, bambo."

"Ndinamuuza chiyani?"

Zefaniya anawauza. Mkuluyo sanalire. Anatseka kope, nayesa kumasula tayi ndi dzanja lofooka lija, nalephera, ndipo Zefaniya atafuna kuwathandiza anamukaniza. Anakhala nayo choncho, itapendekera kumbali, mpaka nthawi ya chakudya chamasana, chimene sanachikhudze.

Madzulo ake Zefaniya anamuuza Sylvia zonse. Sylvia sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga mapepala achikasu aja patebulo, nawasonkhanitsa bwinobwino, n'kuwaika pamwamba pa firiji kuti apeze poika mbale. M'mawa mwake Zefaniya anapita yekha kwa mayi Shenaz kukadzinenera za foni. Mayiyo anamulembera chenjezo, koma sanamuchotse pa chipinda cha 14, chifukwa panalibe wina woti n'kulankhula ndi mkuluyo. Mayi Shenaz anamuimbira Michelle, ndipo Michelle anayankha kuti zovala azizitumiza ndi mwamuna wake, ndipo chilichonse chofunika amulembere pa imelo.

A Shiraishi anasiya kulemba. Anthu ankalowa ndi kutuluka, iwo osayang'ana wotchi. Za ku Tokyo sanafunsenso. Kachitini kaja anapempha kuti akaike pa kabati pamene angakaone, koma sanakatsegule. Chakudya ankadya masupuni atatu kapena anayi, ndipo zimenezo ankachitira Zefaniya, amene ankaima ndi supuni mpaka mkono kuwawa. Kawiri anamupempha kuti abwereze ziganizo zija, kuopa kuti angaziiwale Michelle asanabwere. Lamulungu lililonse ankafuna shati yoyera.

Mu Okutobala chipani chija chinasankha mtsogoleri watsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo zinaoneka kuti nduna yayikulu ikhala mayi. Zefaniya anaganiza kuti nkhani yotere ingawadzutse. Anawauza akuwapesa tsitsi.

"Aphunzitsi," anatero mkuluyo, "zimenezo zisiyeni."

Sabata yotsatira anayamba kutsokomola. Dokotala anati ndi chibayo, ndipo anawatengera kuchipatala tsiku limene Zefaniya sanali pantchito. Anapita kukawaona tsiku lachiwiri, koma anapeza atakomoka kale, akupumira m'machubu. Anamva kwa anesi kuti mwana wawo anabwera, nakhala pambali pa bedi masana onse, osalankhula. A Shiraishi sanatsegulenso maso. Anamwalira tsiku lachinayi, m'mawa.

Michelle anabwera kudzalongedza katundu Lachitatu lotsatira. Zefaniya anapempha kuti akhale iye womuthandiza. Anapinda mashati, n'kumaika m'matumba akuda, osalankhulana. Kope lija Michelle analiponya m'thumba limodzi ndi nsapato. Kachitini anakaika m'chikwama chake cha m'manja.

Matumba atadzaza, Zefaniya anamuuza zonse mwadongosolo. Anati bambo ake anakonzekera miyezi iwiri, kuti tayi ija anavalira iyeyo, kuti nkhani ya ku Tokyo sakanaidziwa akanakhala kuti iye Zefaniya anatseka pakamwa. Anamuuzanso chifukwa chake anatsegula pakamwa, za kafukufuku wake ndi za makatoni a m'galaja, osabisa kanthu.

Michelle anakhala pa bedi lopanda nsalu. Anati sakumuimba mlandu. Foni anaibweretsa ndi Zefaniya, inde, koma amene anaigwira osafuna kuisiya anali bambo ake, ndipo iye anaima pamenepo nthawi yokwanira kuti munthu adzutse mutu. Za makatoni anapepesa. Atachoka pano Lamulungu lija anapita kunyumba, nawakweza onse asanu ndi awiri m'galimoto, maulendo awiri, n'kukawataya kotayira zinyalala. Sankadziwa kuti analonjezedwa kwa munthu.

Zefaniya anachita manyazi kuti ngakhale pa nthawi ngati imeneyo makope akumupwetekabe. Anamuuza Michelle kuti mawu a bambo ake akadali nawo, ziganizo zonse zisanu ndi chimodzi, ndipo angathe kuzinena pompo.

Maso a Michelle anali ofiira.

"Ayi," anatero. "Akhala mawu anu. Inu ndinu munthu wabwino, mungawanene bwino, ndipo ine ndingalire. Koma si inu amene ndinkakudikirani."

Ananyamula matumba awiri, Zefaniya ananyamula otsala, nakawaika m'galimoto. Michelle anati mwambo wa maliro udzakhala wa pabanja pokha. Anagwirana chanza.

Sabata imeneyo Zefaniya anagwira ntchito masiku ake onse. Sankadya bwino, ndipo kunyumba ankangokhala pa sofa, wailesi ya kanema ili yozimitsa. Lachisanu Sylvia anamuyang'ana nati, "Bambo a Mwabi, inu muli ndi maliro. Munthu sakhala ndi maliro yekha." Zefaniya anati si m'bale wake, ndipo anthu angamuseke. Sylvia anatenga foni n'kuimbira a Tuntufye, mkulu wa mpingo wa Amalawi umene ankapemphera nawo.

Loweruka masana anthu anayamba kufika. Anabwera khumi ndi awiri, ena atavala yunifomu chifukwa ankachokera ku shifiti kapena ankapita ku shifiti, awiri anachokera ku Nottingham. Anavula nsapato pakhomo. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi n'kukhala pansi pa kapeti, abambo anapanikizana pa sofa ndi pa mipando ya kukhitchini. Aliyense polowa ankagwira dzanja la Zefaniya ndi manja awiri, n'kunena kuti pepani. Palibe anafunsa kuti womwalirayo anali ndani wake. Mayi wina anayambitsa nyimbo chapansipansi, ena n'kulandira, ndipo anaimba motsitsa mawu chifukwa makoma a nyumba za kumeneko ndi opyapyala.

A Tuntufye anafunsa dzina la malemu kuti alitchule m'pemphero. Analibwereza katatu mpaka analigwira. Atapemphera anati, monga mwa mwambo, wina aimirire anene mbiri ya womwalirayo, ndipo onse anayang'ana Zefaniya.

Anaimirira, nagwira msana wa mpando. Anati malemu anabadwa mu 1939, m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja ku Japan. Anali mtolankhani, wakhama pa ntchito yake kuposa munthu aliyense amene iye anamuonapo. Anakwatira mayi wa kuno, amene anatsogola. Asiya mwana mmodzi wamkazi. Atafika pamenepo mawu anakana kutuluka. Anayesanso, koma chinatuluka ndi kulira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, mapewa akugwedezeka.

Sylvia anadzuka pa kapeti, namukhazika pansi, nakhala pambali pake atamugwira mkono. A Tuntufye anadikira pang'ono, kenako anakodola mayi uja kuti ayambitse nyimbo ina. Anthuwo anakhala ndi Zefaniya mpaka cha m'ma 5 koloko, pamene oyamba shifiti ya madzulo anayamba kufunafuna nsapato zawo pakhomo.